Kuphikira Munthu Amene Simudzamuona

"Kuphika nakonso mpaka kulipira fizi?" Funso limeneli ndalimva kwa achibale, kwa anzanga a kutchalitchi, ngakhalenso kwa anthu amene angomaliza kudya chakudya changa. Malume anga analifunsa mokweza kuposa onse pamene ndinawauza kuti ndapeza malo pa kakoleji kena ka zophikaphika mumzinda wa Blantyre. Sindiliona ngati funso lopanda nzeru. Mwana wamkazi wa kuno kwathu akamafika zaka khumi amakhala akudziwa kale kusonkha moto, kutereka madzi, kuthira phala, kuvundula ndi kuomola nsima yoti banja lonse lidye. Mphunzitsi wake salandira malipiro, ndipo mayeso amachitika madzulo aliwonse pamphasa. Tsono koleji ikawonjezerapo chiyani choti banja ligulitsire mbuzi ndi matumba a soya?

Kunyumba timaphikira anthu owadziwa. Amayi amadziwa kuti bambo sagwirizana ndi tsabola, kuti agogo mano anatha, kuti chitsirizira amakana therere. Mchere ukachepa, wina amangotambasula dzanja n'kuwonjezera. Ndiwo zikachedwa kupsa, anthu amayamba acheza. Koleji imakuphunzitsa kuphikira munthu amene sukumudziwa, amene mwina sudzamuona n'komwe. Munthuyo ali kuseri kwa chitseko, m'chipinda chodyera cha hotela, pabedi la m'chipatala, kapena pamzere wa ana a sukulu yogonera komweko. Sadziwa dzina lako, sanaone ngati wasamba m'manja, komabe akumeza chimene wamutumizira. Wakukhulupirira ndi moyo wake osakufunsa kanthu. Zonse zimene ndinaphunzira pa kolejipo, kuyambira kagwiridwe ka mpeni mpaka masamu a mitengo, zinali zoti munthu ameneyu ndisamugwiritse fuwa la moto.

Malume anali ndi chifukwa china chimene sanachitchule tsiku limenelo. Bambo awo, agogo anga, anali khukhi wa azungu ku Bulawayo, monga analili amuna ambiri a ku Nyasaland amene anatsikira ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ankadziwa kuphika buledi, kuotcha nyama mu uvuni ndi kukonza zotsekemera zimene ana awo sanalaweko ngakhale tsiku limodzi. Ankalowera khomo la kuseri, ndipo ankaitanidwa kuti boyi imvi zili mbuu. Kwa malume, kuphikira munthu wina kuti akulipire kunali kubwerera kukhomo lomwelo. Iwo ankafuna ndikhale namwino kapena mphunzitsi. Manyazi amenewa akadalipo pakati pathu, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi amene amachititsa kuti wophika azilandira zochepa. Ntchito imene anthu amaiona ngati yongotumidwa saiwerengera mtengo wa luso.

Anthu akamva za maphunziro a zophika m'dziko muno amaganiza za Malawi Institute of Tourism, imene ophunzira ake amayeserera ntchito pa Alendo Hotel ku Blantyre, kapena za maphunziro a zokopa ndi kusamala alendo a pa yunivesite ya Mzuzu. Malo amenewa sangatenge onse. Ambiri mwa ife tinadutsa m'timakoleji ta mipingo, ta mabungwe kapena ta anthu wamba, timene timayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyendetsa maphunziro a ntchito zamanja. Kathu kanali ndi khitchini imodzi, uvuni umodzi, filiji imodzi ndi matebulo achitsulo owerengeka. Magetsi akazima tinkatulutsa mbaula. Nkhuku imodzi tinkaizungulira kagulu, wina adule ntchafu, wina mapiko, wina asende nyama ya pachifuwa, mafupa n'kupita mumphika wa msuzi. Palibe chinkatayidwa, chifukwa ndalama yogulira nkhukuyo inali yosonkha tokha.

Kuchepako kunali ndi ubwino wake. Aphunzitsi athu, bambo wachikulire amene anathera unyamata wawo m'makhitchini a mahotela, ankaona dzanja la wina aliyense. Ankadziwa amene amagwira mpeni ngati chikwanje, amene amaopa mafuta owira, amene amalawa ndi sipuni n'kuibwezera mumphika. M'kalasi la anthu ochepa sungabisale kumbuyo kwa mnzako. Koma sindikufuna kukometsera umphawi. Pali zipangizo zimene tinangoziona pa zithunzi, n'kukakumana nazo koyamba pa ntchito, anthu akutiyang'ana. Palinso timakoleji tina totsegulidwa kuti titolere fizi basi, kumene ana amakopera kaphikidwe pabolodi chaka chonse moto osayatsa. Kholo lisanatulutse ndalama lilowe kaye m'khitchini ya sukuluyo, lione ngati mapoto akuonetsa kuti amapita pamoto, lifunsenso ngati satifiketi ya pamenepo ndi yodziwika ku TEVETA.

Masabata oyambirira sitinaphike kalikonse. Tinkasamba m'manja, kunola mipeni ndi kudula anyezi, karoti, kabichi ndi mbatatesi. Aphunzitsi ankafuna tizidutswa tofanana, ndipo ankabweza mbale yonse ngati tina takula kuposa tinzake. Zimaoneka ngati kukongoletsa chabe, koma chifukwa chake n'chapafupi: tizidutswa tosiyana timapsa pa nthawi zosiyana, kena kaphwanyika kale kena kakadali kakawisi. Kenako anatizoloweretsa kuti moto usanayake, chilichonse chikhale chitadulidwa, chitayezedwa ndi kuikidwa pamalo pake. M'makhitchini a mahotela amati mise en place, ndipo amene sanakonzeke chonchi amaonekera maoda akangoyamba kubwera motsatizana.

Zambiri zimene tinkaphunzira zinachokera ku France. Auguste Escoffier, amene anayendetsa khitchini ya Savoy Hotel ku London kuyambira mu 1890 n'kutulutsa buku lake la Le Guide Culinaire mu 1903, ndi amene amatchulidwa kuti anakonza dongosolo logawa khitchini m'zigawo, wina wa misuzi, wina wa nsomba, wina wa zootcha, wina wa makeke, onse pansi pa shefu mmodzi. Tinaloweza misuzi isanu imene ina yambiri imachokerako: béchamel, velouté, espagnole, hollandaise ndi wa matimati. Tinaphunzira kuti batala ndi ufa wa tirigu zolemera mofanana, zikatakasidwa pamodzi pamoto wochepa, zimalimbitsa mkaka kapena msuzi popanda timibulu. Ena amanyoza zimenezi kuti n'zachizungu. Ine sindizinyoza. Zinandiphunzitsa kufunsa chifukwa chimene chakudya chimasinthira momwe chimasinthira pamoto, funso limene kunyumba sitinkalifunsa poti dzanja la amayi linali litayankha kale.

Dzanja la amayi limayeza bwino kwambiri, koma limayeza mumphika wawo, pamafuwa awo, ndi ufa wa kumunda kwawo. Silibwerekedwa. Amayi akachoka, ndiwo zimasintha kakomedwe ndipo aliyense amadziwa. Pamalo ophikira anthu olipira, amene wadya Lolemba n'kukonda abweranso Lachisanu akuyembekezera chomwecho, kaya waphika ndiwe kapena mnzako wa shifiti ya usiku. N'chifukwa chake pali sikelo, kapu yoyezera ndi pepala lolembapo magalamu ndi mphindi. Pepalalo limachititsa kuti luso lisakhale la munthu mmodzi. Ukadwala ntchito imayendabe, ndipo mwana amene wabwera kumene ali ndi poyambira.

Phunziro limene linandisintha kwambiri silinali la kakomedwe. Linali la matenda. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiko kuti pamene sichili chozizira monga cha mufiliji komanso sichili chotentha chofuka nthunzi. Ganizirani tsono za ukwati wa mu Okutobala. Mpunga waphikidwa m'bandakucha, wathiridwa m'mabeseni, wavindikiridwa, ndipo ukudikira pakona ya holo pamene perekani-perekani akupitirira mpaka dzuwa kupendeka. Mu mpunga mumapezeka kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene njere zake zimapulumuka pa kuphika. Mpunga ukakhala wofundira kwa maola ambiri, kachilomboko kamadzuka, kuswana ndi kutulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Madzulo ake anthu akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, amaloza chala azakhali ena ake kuti anabwera ndi zawo m'kampango. Ndaonapo mabanja akusiya kupatsana moni chifukwa cha beseni la mpunga limene linangofunika kuphikidwa mochedwerako, kapena kukhala pamoto mpaka nthawi yogawa.

Zina n'zazing'ono kwambiri moti munthu amachita manyazi kuzitchula. Thabwa lodulirapo nyama yaiwisi lisakhale lodulirapo saladi. Nkhuku ipse mpaka pafupa, pasatuluke madzi ofiira. Nyama yaiwisi ikhale pansi mufiliji kuti isadonthezere zophika kale. Kansalu kopukutira, kamene kamayenda kuchoka pamphika kupita patebulo, m'manja ndi pamphumi, kangathe kudwalitsa anthu ambiri kuposa nyama yoola, chifukwa nyama yoola imadziulula ndi fungo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira kwa sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, anatikumbutsa kuti madzi otsukira matimati ndi manja a wogawa chakudya si nkhani yochepa. Pa nthawi imeneyo ndinkaganizira kwambiri za ophika m'misika ndi m'madepoti, amene amadyetsa anthu ochuluka kuposa mahotela onse pamodzi, koma ambiri mwa iwo palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera za madigiri aja.

Pali zoopsa zinanso zimene zili zathuzathu. Mtedza ndi chimanga zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo moto wa mumphika sumuthetsa. Wogula nsinjiro zosinjasinja kale sadziwa kuti mumtondo munalowa mtedza wotani. Wophikira anthu ambiri amachita bwino kugula mtedza wathunthu, kuusankha yekha ndi kutaya wofwifwa ndi wowawa. Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amaviika chinangwa chowawa m'madzi kwa masiku angapo asanachiyanike ndi kusinja ufa wa kondowole, ndipo kuviikako kumachotsa poizoni wa cyanide. Makolo anazipeza zimenezi popanda dzina la poizoniyo. Tsiku limene ndinamva izi m'kalasi ndi limene ndinayamba kuona kuti m'kaphikidwe kathu muli sayansi yofanana kulemera ndi ya misuzi ya Afalansa.

Amene amabwera ku zophika pothawa masamu amawapeza akuwadikira pakhomo. Nkhuku silemera pambale monga inalemera pogula. Nsomba ukaipala mamba ndi kuitumbula yachepa kale. Thumba la mbatatesi ukalisenda, gawo lina lapita kudzala. Tinaphunzitsidwa kuti mtengo wa zinthu zolowa m'mbale usapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene wodya alipira, chifukwa zotsalazo n'za makala kapena gasi, lendi, malipiro, sopo ndi mbale zosweka. Amayi ambiri ogulitsa nsima pamsika amagwira ntchito kuchoka mdima mpaka mdima, ndiwo zawo n'zokoma, makasitomala ndi ambiri, koma pakutha pa mwezi mpamba wachepa. Sawerengera thukuta lawo, sawerengera chipande chowonjezera chimene amapatsa kasitomala wozolowera. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu zinakwera mtengo mosadikira munthu. Amene anali atalandira kale ndalama za maukwati a Disembala pa mitengo yakale anaphika ndi misozi. Amene ankadziwa mtengo wa mbale imodzi anatha kukhala pansi ndi ankhoswe, kuwaonetsa pepala ndi kugwirizana chimene chisinthe.

Atachimenti ndinakachita pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kulemera kwa ntchitoyi. Umaimirira tsiku lonse pakati pa moto ndi nthunzi, miyendo imatupa, m'manja mumakhala zipsera. Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka, masiku amene abale ako akusonkhana, ndi amene iwe suona n'komwe dzuwa. Maoda akachuluka mawu amakwera, ndipo ena amaganiza kuti kukalipa ndi kutukwana n'kumene kumasonyeza ushefu. Atsikana tinkakankhidwira ku saladi, ku makeke ndi kotsukira, pamoto waukulu pankaima amuna. Zimenezi zinkandipweteka. Kunyumba poto amamusiyira mkazi, koma akayamba kubweretsa ndalama amuna ndi amene amathamangira kumugwira. Ndinaonanso kuti malo ena amadalira ana a atachimenti monga antchito aulere: gulu lina likamachoka lina lafika, ndipo palibe amene amalembedwa ntchito. Makoleji amene amatumiza ana kumalo oterewa osapitako kukaona momwe akukhalira akulakwira ana amene makolo awo analipira movutikira.

Komabe sindingabise kuti kumeneko kunali chisangalalo chimene sindinachipeze kwina. Usiku umene mbale zonse zatuluka pa nthawi yake, zotentha, ndipo zabwerera zopanda kanthu, anthu amene mwakhala mukukankhana tsiku lonse mumayang'anana ndi kudziwa kuti mwachita chinthu pamodzi. Odyawo sanaone nkhope ya wina aliyense wa inu. Mbale yopanda kanthu ndi imene inabweretsa uthenga wawo.

Alendo ochokera kunja ankafunsa kawirikawiri chakudya cha kuno. Pa menyu panali chambo, nthawi zambiri chokazinga ndi tchipisi, ndi nsima kwa amene waiitanitsa. Kuseri kwa khitchini, amayi ena amene analembedwa ntchito yotsuka mbale ndi amene ankatiphikira antchitofe: usipa wa matimati, nkhwani wotendera, nyemba zopsa mpaka msuzi kulemera, nthawi zina futali. Mashefu enieniwo ankadya zimenezo mwakachetechete ndipo ankawonjezera. Palibe amene anaganiza zoti ndiwozo zilowe pa menyu, kapena zoti amayiwo akwezedwe akhale m'gulu la ophika.

Mwana aliyense wolowa koleji ya zophika amalota chipewa choyera chachitali pa Mount Soche, pa Ryalls, pa Capital Hotel, ku Nkopola kapena ku Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba. Ena amafikadi kumeneko, ena amakalowa m'malo ogona alendo a ku Liwonde, ku Majete, ku Nyika, ku Cape Maclear kapena pachilumba cha Likoma, ndipo ngakhale sitima ya Ilala ili ndi khitchini yake. Koma malo amenewa ndi ochepa, malipiro oyambira ndi otsika, ndipo ntchito zake zimadalira alendo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a ndege ndi misonkhano, ophika ambiri anabwerera kunyumba ndi mipeni yawo. Ena amatsikira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito m'malesitilanti, ndipo amene alibe mapepala oyenera amalandira chilichonse chimene bwana wafuna kupereka.

Ntchito zochuluka zili kwina, kumalo kumene anthu sajambula zithunzi za chakudya. Zili m'zipatala, m'sukulu zogonera komweko, m'makoleji, m'ndende, m'misasa ya asilikali, m'makantini a makampani ndi m'minda ikuluikulu ya tiyi ndi nzimbe. Zili m'maukwati, m'zinkhoswe, pa ziliza ndi m'misonkhano ya mabungwe. Zili mwa mtsikana amene amaphika makeke kunyumba n'kumalandira maoda pa WhatsApp, ndi mwa mnyamata amene watsegula kabekale pa tawuni ya kwawo. Mwa anzanga amene ndinaphunzira nawo, ambiri akudya kuchokera ku ntchito zoterezi. Ine ndimayang'anira khitchini ya sukulu ina yogonera komweko, ndipo Loweruka lina ndimaphikira maukwati.

M'malo onsewa, munthu wosadziwika uja amene tikumuphikira sadya hollandaise. Amadya nsima, nyemba, kabichi, usipa, mpunga, ndi phala m'mamawa. Ndipo nthawi zambiri alibe mwayi wosankha. Mlendo wa pa hotela chakudya chikamuipira amachibweza kapena kupita kwina. Mwana wa Fomu 1 amene wasiyana ndi amayi ake koyamba amadya chimene chaikidwa m'mbale yake, apo ayi agona ndi njala. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amadalira wophika kuti akumbukire za shuga ndi mchere. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Kuwatchula n'kosavuta. Kuwakwaniritsa kwa ana mazana angapo ndi ndalama imene sukulu ili nayo, m'mwezi wa Febuluwale pamene matimati akwera ndipo chimanga chasowa, kumafuna nzeru zonse zimene munthu anaphunzira. Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya umene unatenga dzina la ku Likuni, walera ana ambiri m'dziko muno kuposa chakudya chilichonse cha pa menyu ya hotela, koma sindikumbukira kuti tinauphika m'kalasi.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo pa maphunziro amene ndimawayamika. Zakudya zathu zinali kamutu kamodzi chakumapeto kwa chaka, ngati kuti aliyense amazidziwa kale. Amazidziwadi, koma za banja limodzi. Nsima ya anthu mazana atatu ndi ntchito ina. Mphika ndi waukulu, mthiko umafuna manja awiri, pansi pamapserera pakati pasanapse, ndipo ukachedwa kuthira ufa phala limakulumphira pamkono. Ufa woyera ndi mgaiwa sizimwa madzi mofanana. Uyenera kudziwa ufa wokwana munthu mmodzi kuti usatsale ndi mitanda yotaya kapena ndi ana osadya kumapeto kwa mzere. M'mabuku athu munali magalamu a batala wa msuzi woyera, koma munalibe magalamu a ufa wa nsima. Ndinakazipeza ndekha pa ntchito, ndikuyeza ndi kulemba, ndiponso kufunsa abambo amene anaphika pa sukulupo ine ndisanabadwe.

Thobwa nalo lili ndi malamulo ake. Chimera chili ndi mphamvu yosungunula phala ndi kulitsekemeretsa, koma mphamvuyo imafa ngati mwachithira phala likadali lotentha kwambiri, ndipo imagwira mwaulesi ngati phala lazizira kwambiri. Amayi odziwa amayesa ndi chala n'kudziwa kuti tsopano. Koleji ikanatha kuima pambali pawo ndi choyezera kutentha, n'kulemba chimene chala chawo chikudziwa. Therere limafuna soda kapena chidulo, koma ukachulukitsa limawawa ndipo zina zofunika m'thupi zimaonongeka. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, wonunkhira uja, uli ndi muyezo wake wa madzi. Pali kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, pali kufutsa masamba kuti mfutso usunge kakomedwe, pali chisoso, bonongwe, luni ndi denje zimene zimamera zokha pamene kabichi akufuna feteleza ndi mankhwala. Chambo chachepa m'nyanja, makamaka ku Malombe, ndipo mtengo wake wathawa anthu ambiri. Wophika wa lero ayenera kudziwa chochita ndi kampango, utaka, mlamba, matemba ndi nsomba za m'maiwe, osati kungodandaula kuti chambo chasowa.

Sindikunena kuti tichotse Escoffier m'kalasi. Mwana amene akufuna kukagwira ntchito pa hotela kapena kunja ayenera kudziwa chinenero cha makhitchini amenewo. Ndikunena kuti sikelo, wotchi ndi pepala zimene tinaphunzira kwa iye zigwirenso ntchito pa chigumu, pa zitumbuwa, pa nkhwani wotendera ndi pa tsabola wa kambuzi, ndi ulemu womwewo. Koleji yaing'ono ndi imene ingachite zimenezi mosavuta kuposa yaikulu. Ili pafupi ndi msika, aphunzitsi ake amadziwa ogulitsa ndi mayina, ndipo zipangizo zake, mbaula, mtondo, lichero, sefa, zilipo kale ndipo sizidikira ndalama zakunja.

Aphunzitsi ake aliponso. Pitani pamaliro aliwonse kumudzi kapena m'tawuni, kuseri kwa nyumba kumene utsi ukufuka. Mukapezako amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi anzawo a m'mipingo ina ndi a m'mizikiti, akudyetsa khamu limene palibe amene analiwerenga, ndi ufa wosonkha m'timbale, pamafuwa a njerwa, popanda kuuzidwa dzulo lake. Pakati pawo pamakhala mmodzi amene amangoyang'ana anthu amene akhala pansi pa mtengo n'kunena kuti miphika ikhale ingati, ndipo salakwitsa. Amadziwa amene ayambe kulandira, amadziwa kusungira adzukulu amene ali kumanda, amadziwa kutambasula ndiwo zochepa osachititsa manyazi anamfedwa. Amayi amenewa akhala akuphikira anthu osawadziwa kwa zaka zambiri. Iwonso angapindule atamva za madigiri 5 ndi 60, za thabwa la nyama ndi za kansalu kopukutira, ndipo ana a koleji angapindule koposa ataima nawo pamphika. Makoleji athu awaitane alowe m'kalasi, dzina lawo lilembedwe pa ndandanda ya maphunziro, ndipo alipidwe monga amalipidwira mphunzitsi wa makeke.